Galimoto Ikakana Kulira, Yambani Mwafufuza pa Mitu ya Batire

Mwezi wa Okutobala ukamatha, mlimi aliyense amayang'ana kumwamba. Amene ali ndi thirakitala, kapena amene anapatsidwa udindo woyang'anira thirakitala ya gulu, amadziwa kuti mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka mu Novembala, masiku abwino olima amakhala owerengeka. Tsiku limodzi lotayika cifukwa cakuti injini yakana kulira limacedwetsa minda yonse imene ikudikira, ndipo cimanga cobzalidwa mocedwa sicibereka ngati cobzalidwa pa nthawi yake. N'cimodzimodzi ndi galimoto ya pafamu: matimati opakiridwa usiku kuti akafike pa msika wa ku Chipata m'mamawa sangadikire makaniko.

Injini ikakana kulira, ambiri a ife timafulumira kugamula kuti batire lafa kapena sitata yapsa. Zonse ziwirizi n'zokwera mtengo, ndipo kwa mlimi wa kumudzi zimafuna ulendo wa ku tauni. Alipo alimi amene amagula batire latsopano n'kulimanga pa mawaya akale omwe aja, ndipo pakangopita sabata vuto limabwerera. Batire loyamba lija linalibe mlandu. Colakwika cinali pa malo ang'onoang'ono pamene waya amakumana ndi batire, kapena pamene waya amakumana ndi citsulo ca galimoto. Phunziro la mwezi uno likunena za malo amenewa: mmene amagwirira nchito, mmene amaonongekera, mmene mungawayesere, ndi mmene mungawakonzere ndi sipanala, soda wophikira ndi madzi. Lamulo lake ndi limodzi. Musanagule kanthu, tsatirani njira yonse imene magetsi amadutsa, ndipo muiyese pa nthawi imene sitata ikukoka.

Njira imene magetsi amadutsa

Batire la galimoto ndi la mtundu umene Gaston Planté wa ku France anaupanga koyamba m'caka ca 1859: mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi a asidi. M'bokosi lake muli zipinda 6, ndipo cipinda ciliconse cimapereka 2.1 volts. Pamodzi zimakwana 12.6 volts, ngakhale timangoti batire la 12 volts. Pamwamba pake pali mitu iwiri ya mtovu. Mutu wa cizindikiro ca + ndi wonenepa pang'ono kuposa unzake wa cizindikiro ca −. Kacitsulo kamene kamavala mutu uliwonse n'kumangidwa ndi bawuti, amakaniko amati teminolo.

Mukatembenuza kiyi, magetsi ocepa amapita ku solenoid, kacipangizo kobulungira kamene nthawi zambiri kamakhala pamsana pa sitata. Solenoid imacita zinthu ziwiri: imakankhira kagiya ka sitata m'mano a gudumu lalikulu la injini, ndipo imatsegulira njira magetsi ambiri ocokera ku batire. Magetsiwo amatuluka pa mutu wa +, kudutsa pa teminolo ndi m'waya wonenepa, n'kulowa mu sitata. Akagwira nchito yawo ayenera kubwerera ku batire. Pobwerera amayenda m'citsulo ca injini ceniceni, kenaka m'waya wina wonenepa amene amalumikiza injini ndi thupi la galimoto ku mutu wa −. Waya ameneyu amati earth. Njira yobwererayi ndi theka la ulendo wonse, koma ndi imene imaiwalika kawirikawiri, pakuti ili pansi, m'matope ndi m'mafuta.

Mukawerenga bwino mudzapeza malo osacepera 6 pamene citsulo cimangokhudzana ndi cinzake: mutu wa + ndi teminolo yake, teminolo ndi waya wake, waya ndi solenoid, sitata ndi injini, earth ndi citsulo ca galimoto, ndiponso teminolo ya − ndi mutu wake. Amodzi okha mwa malo amenewa akalefuka kapena akada, galimoto imaima.

Cifukwa cake nyali zimayaka koma injini osatembenuka

Ophunzira amafunsa funso ili caka ciliconse: ngati polumikizira paonongeka, bwanji nyali zikuyaka ndipo hutala ikulira? Ganizirani thanki ya kudimba yodzaza bwino, koma paipi yake yatsekeka ndi ndere n'kutsala kabowo kakang'ono. Kutunga kapu imodzi ya madzi sikuvuta. Koma mukafuna kuthirira bedi lonse la repu, madzi amangodontha. Thanki ndi yodzaza, cotsekeka ndi paipi.

Pa magetsi, volts ndi mphamvu yokankha, ndipo amps ndi kuculuka kwa magetsi amene akuyenda. Nyali ziwiri zakutsogolo za 55 watts iliyonse zimakoka pafupifupi 9 amps. Sitata ya galimoto yaing'ono ya petulo imakoka pakati pa 100 ndi 200 amps, ndipo ya thirakitala kapena galimoto ya dizilo imafika 300 amps kapena kupitirira apo, cifukwa injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri.

M'caka ca 1827, Georg Ohm wa ku Germany anasindikiza lamulo limene limafotokoza nkhaniyi. Malo alionse othina amakaniza magetsi, ndipo kukaniza kumeneku kumayezedwa mu ohms. Mphamvu imene imatayika pa malowo imapezeka pocurukitsa amps ndi ohms. Tiyerekeze kuti teminolo yakuda ikukaniza 0.01 ohm yokha. Nyali zikakoka 9 amps, pamatayika 0.09 volt, imene diso silingaione. Sitata ikakoka 300 amps pa teminolo yomweyo, pamatayika 3 volts. Batire labwino palokha limatsika kufika pafupifupi 10.5 volts pamene sitata ikukoka. Mukacotsapo 3, sitata imalandira 7.5 volts, zimene sizokwanira kutembenuza injini ya dizilo yozizira. Mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha. Mukacurukitsa 3 volts ndi 300 amps mumapeza 900 watts, kutentha koyandikira kwa simbi ya magetsi yositira zovala, koma kutaunjikana pa kacitsulo kang'ono ngati cala.

Apa tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Kuyaka kwa nyali si umboni wakuti mawaya ali bwino. Ndipo polumikizira poonongeka pamadziulula pokhapokha sitata ikamakoka.

Zimene zimaononga polumikizira

Coyamba ndi asidi. Batire likamachajidwa limatulutsa nthunzi ya asidi, ndipo likadzazidwa madzi mopitirira muyeso asidiyo amatayikira pamwamba. Akafika pa teminolo amapanga ufa woyera kapena wobiriwira umene nonse mumaudziwa. Koma ufa wooneka kunja suvutitsa ngati kakhungu kakuda kopyapyala kamene kamamera pakati pa mutu ndi teminolo. Teminolo ikhoza kuoneka yoyera kunja pamene mkati mwake mwada.

Caciwiri ndi kugwedezeka. Misewu yathu ya dothi ndi mizere ya m'munda zimagwedeza batire tsiku lonse. Batire lomangidwa ndi malegeni, kapena losamangidwa n'komwe, limadumpha ndi kukoka mawaya mpaka teminolo italefuka.

Cacitatu ndi teminolo yosalingana ndi mutu. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ocokera ku Japan amabwera ndi batire la mitu yoonda, pamene mabatire ena a m'masitolo ali ndi mitu yonenepa. Munthu akasintha batire osaona zimenezi, amayamba kukhomera teminolo ndi mwala, kapena kupanikiza msomali pakati kuti igwire. Msomali umangokhudza pa kadontho kamodzi ndipo umacita dzimbiri msanga. Kukhoma kumang'amba pamene mutu walowera m'bokosi, ndipo asidi amayamba kutulukira pamenepo.

Cacinayi ndi waya woola mkati. Asidi amalowa pansi pa pulasitiki n'kudya mkuwa, ndipo timawaya tating'ono timaduka kamodzikamodzi. Waya wotere amatupa pafupi ndi teminolo, ndipo mukamupinda amamveka kuuma. Makoswe a m'shedi yosungiramo cimanga nawonso amatafuna mawaya a galimoto imene yaima nthawi yaitali.

Cacisanu ndi earth womangidwa pa dzimbiri kapena pa penti. Zimenezi zimacitika kawirikawiri galimoto ikacokera kopentedwa, kowocheredwa kapena kotsitsidwa injini, pamene waya wa earth amabwezeredwa pa malo akuda, mwinanso kuiwalika kumene.

Mverani zimene galimoto ikunena

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagwire sipanala, tembenuzani kiyi kamodzi, muchere khutu, muyang'anenso nyali za pa dashibodi.

Ngati nyali za pa dashibodi zayaka, koma mutangotembenuza kiyi kwamveka kugogoda kamodzi ndipo zonse zazima, kenaka n'kuyakanso patapita kanthawi, kaikirani teminolo musanakaikire cina ciliconse. Polumikizira pamagwira magetsi ocepa, koma pamalekerera sitata ikangokoka.

Ngati kukumveka kugogoda kofulumira kobwerezabwereza, ndiye kuti solenoid ikugwira n'kulekerera cifukwa mphamvu ikutsika nthawi iliyonse imene sitata yalumikizidwa. Cimacititsa ndi batire lofooka kapena polumikizira pakuda, ndipo mayeso ali m'munsiwa adzakuuzani kuti ndi citi.

Ngati injini ikutembenuka mwaulesi, makamaka m'mamawa mu Juni ndi Julayi, kumbukirani kuti kuzizira kumafooketsa batire ndipo kumalimbitsa oilo. Teminolo imene inali kupirira m'miyezi yotentha imagonja m'nyengo yozizira.

Ngati galimoto imalira lero, mawa n'kukana, mkuja n'kuliranso munthu atagwedeza mawaya, pali cinthu colefuka. Batire lakufa silidzuka cifukwa cogwedezedwa.

Ngati injini ikutembenuka mwamphamvu koma osagwira, batire ndi mawaya ake acita mbali yawo. Fufuzani mafuta, sefa yotsekeka kapena mpweya umene walowa m'mapaipi a dizilo. Musapitirire kukoka sitata. Ikokeni masekondi 10 mpaka 15 okha, kenaka muipumitse mphindi imodzi kuti izizire.

Mayeso anayi osafuna cipangizo

Yambani mwaonetsetsa kuti giya ili pa neutral ndipo handibuleki yakokedwa. Galimoto ya automatic siilira ngati ndodo yake siili pa P kapena N. Mathirakitala ambiri alinso ndi swichi yoteteza: pa Massey Ferguson 135, kandodo kosankhira liwiro lalikulu kapena laling'ono kayenera kukhala pakati, pa cilembo ca S.

Yeso loyamba ndi la dzanja. Gwirani teminolo iliyonse n'kuyesa kuipotoza. Teminolo yomangidwa bwino siisuntha ngakhale pang'ono. Kokaninso waya pamene walowera mu teminolo, ndipo mutsatire waya wa earth mpaka pa bawuti yake.

Yeso laciwiri ndi la nyali. Yatsani nyali zakutsogolo, mnzanu aime pambali kuziyang'ana, inu mutembenuze kiyi. Zikazimiratu mwadzidzidzi, kaikirani polumikizira. Zikacita mdima wofiirira koma osazima, batire lafooka kapena sitata yagwira. Zikapitirira kuwala osasintha, magetsi sakufika n'komwe ku sitata, ndipo vuto lili pa swichi ya kiyi, pa swichi yoteteza, pa kawaya kakang'ono ka solenoid, mu solenoid momwemo, kapena pa waya wonenepa wopita ku sitata.

Yeso lacitatu ndi la kutentha. Kokani sitata masekondi 5, musiye kiyi, kenaka mukhudze mosamala malo onse olumikizira, amodziamodzi. Malo abwino amakhala ozizira. Malo ofunda kapena otentha ndiwo akuba mphamvu. Khudzani mwacangu ndi nsonga ya cala, pakuti teminolo yoipa ikhoza kuocha.

Yeso lacinayi ndi la earth. Tengani waya mmodzi wa jampa, mumange mbali ina pa mutu wa − ndipo mbali inayo pa citsulo coyera ca injini. Ngati galimoto yalira tsopano, waya wa earth kapena pomangira pake ndi pamene pali vuto.

Kuyeza ndi multimeter

Ambiri amene muli ndi magetsi a sola kunyumba muli kale ndi multimeter. Ikani pa DC 20 volts. Gwiritsani nsonga zake pa mtovu weniweni wa mitu ya batire, osati pa mateminolo, ndipo muyeze batire limene lapuma maola angapo. Mukapeza 12.6 volts, batire ndi lodzaza. Mukapeza 12.4, latsala ndi magawo atatu mwa anayi. Mukapeza 12.2, lili pa theka. Mukapeza 12.0 kapena kutsikirapo, liyenera kuchajidwa musanaliweruze.

Tsopano mnzanu akoke sitata nsonga zija zili pa mitu pomwepo. Kuti injini isagwire, kokani ndodo yozimitsira dizilo ngati thirakitala yanu ili nayo. Batire labwino silitsika pansi pa 9.6 volts. Likatsika kupitirira apo, lichajeni n'kuliyezanso, ndipo likabwereza, ndiye kuti latha kapena sitata ikukoka mopitirira muyeso. Koma ngati muyeso wangokhala pafupi ndi 12 volts sitata osatembenuka, batire silikukokedwa n'komwe, ndipo njira yatsekeka kwina.

Kuti mupeze pamene yatsekeka, yezani mphamvu yotayika pa malo alionse sitata ikukoka. Ikani nsonga ina pa mtovu wa mutu, inzake pa teminolo ya mutu womwewo. Muyeso uyenera kukhala pafupi ndi 0, ndipo ukapitirira 0.1 volt teminoloyo iyenera kutsukidwa. Kenaka yezani kucokera pa mutu wa + kufika pa bawuti yaikulu ya solenoid: pasatayike zopitirira 0.5 volt. Pomaliza yezani kucokera pa mutu wa − kufika pa thupi la sitata: pasatayike zopitirira 0.3 volt. Pamene papezeka nambala yaikulu, pomwepo ndi pokonza.

Injini ikalira, yezaninso pa mitu ya batire. Alternator yabwino imakweza muyeso kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5 volts. Dziwani kuti teminolo yakuda imakaniza magetsi olowa monga mmene imakanizira otuluka, conco batire lomangidwa pa teminolo yotere silichajidwa mokwanira ngakhale galimoto iyende tsiku lonse, ndipo m'kupita kwa nthawi limafadi.

Dzitetezeni musanayambe kukonza

Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto kapena kuthetheka. Musasute fodya pafupi, ndipo usiku muunikire ndi foni, osati ndi koloboyi kapena kandulo. Vulani mphete ndi wochi ya citsulo, cifukwa zikalumikiza mutu wa + ndi thupi la galimoto zimapsa n'kuocha mpaka mnofu. Musaike sipanala pamwamba pa batire. Valani magalasi. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosacepera 15, ndipo ngati ndi m'maso pitani ku cipatala tsiku lomwelo.

Kutsuka ndi kumanga

1. Zimitsani zonse n'kucotsa kiyi.

2. Masulani teminolo ya − poyamba. Cifukwa cake n'cakuti thupi lonse la galimoto ndi lolumikizidwa ku −, kotero sipanala ikakhudza citsulo pamene mukumasula − palibe cocitika, ndipo − ikacoka, + imakhala yosaopsa. Mathirakitala ena akale a ku Britain a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anamangidwa mosemphana, earth wawo ali ku +. Conco lamulo lenileni ndi ili: yambani ndi waya amene wapita ku thupi la galimoto.

3. Magalimoto ambiri amafuna sipanala ya 10 mm kapena 13 mm. Teminolo ikakakamira, masulani bawuti kwambiri, mutsegule kamwa lake ndi sikuludiraiva, muipotoze uku mukukweza. Musaitukule mokanikiza pa bokosi la batire.

4. Sungunulani supuni yaikulu imodzi ya soda wophikira, yemwe uja wa therere, m'kapu ya madzi ofunda. Onetsetsani kuti zotsekera za zipinda zamangidwa, pakuti soda akalowa mkati amapha asidi wa batire. Tsukani mitu, mateminolo ndi pamwamba ponse. Thovu likaleka, tsukuluzani ndi madzi oyera n'kupukuta mpaka paume.

5. Palani mutu uliwonse ndi mkati mwa teminolo ndi burashi ya waya kapena sandipepa mpaka citsulo ciwale. Cotsani kakhungu kakuda kokha. Mukapala kwambiri mutu umaonda.

6. Yang'anani waya. Ngati mkuwa wabiriwira pang'ono kumapeto, dulani mpaka pamene ukuwala n'kuika teminolo yatsopano. Ngati waola patali, gulani waya wina wonenepa mofanana ndi woyambayo. Waya wa magetsi a m'nyumba sanganyamule 300 amps.

7. Masulani earth pamene wamangidwa ku injini ndi ku thupi la galimoto, mupale penti ndi dzimbiri mpaka citsulo cioneke, kenaka mumange molimba. Onaninso nati ya pa solenoid pamene batire likadali lomasula.

8. Pobwezera yambani ndi +, mumalize ndi −. Kanikizani teminolo ifike pansi pa mutu, kenaka mumange. Ngati milomo yake yakumana koma ikupotokabe, yatha nchito, ndipo gulani ina ya muyeso wa mutuwo.

9. Mukamanga, pakani Vaseline kapena girizi pang'ono kunja kuti mpweya ndi nthunzi zisafikepo.

10. Mangani batire ndi cogwirira cake ca citsulo. Ngati ndi la zotsekera, onani kuti madzi aphimba mapuleti pafupifupi sentimita imodzi, ndipo muwonjezere madzi a batire okha, aja a distilled. Madzi a pa mjigo ali ndi mcere umene umaononga mapuleti. Musawonjezere asidi.

Malole a mabatire awiri

Malole ambiri a dizilo ocokera ku Japan, monga Canter, amayendera 24 volts. Ali ndi mabatire awiri olumikizidwa ndi waya wamfupi kucokera pa − ya loyamba kupita pa + ya laciwiri. Mitu imakhala 4, ndipo waya wapakatiyo ndi amene amaiwalika. Yezani batire lililonse palokha. Musalumikize wailesi kapena nyali ya 12 volts pa batire limodzi, cifukwa limeneli limatha msanga kuposa linzake. Posintha, sinthani onse awiri pamodzi, ofanana kukula.

Kubwereka magetsi, ndi zizolowezi ziwiri zoyenera kuleka

Ngati batire lafookadi ndipo mukujampa kucokera ku galimoto ina, magalimoto awiriwo akhale a volts zofanana ndipo asakhudzane. Waya wofiira ayambire pa + ya batire lofooka, apite pa + ya labwino. Wakuda ayambire pa − ya labwino, amalizire pa citsulo ca injini ya galimoto yokanayo, kutali ndi batire, kuti kuthetheka kusacitikire pafupi ndi mpweya uja. Pocotsa yambani ndi pamene munamalizira.

Cizolowezi coyamba coyenera kuleka ndi kucotsa teminolo injini ikulira, kaya poyesa alternator, kaya pobweza batire lobwereka kwa mwini wake. Batire likacoka, mphamvu ya alternator imalumpha mwadzidzidzi ndipo ikhoza kupsereza alternator yomweyo kapena kompyuta ya galimoto.

Caciwiri ndi kuliza thirakitala mutaima pansi, polumikiza mabawuti a solenoid ndi sikuludiraiva. Njira imeneyi imalambalala swichi yoteteza. Ngati giya yalowa, thirakitala imanyamuka pomwepo, ndipo munthu amakhala ataima kutsogolo kwa gudumu lalikulu lakumbuyo. Anthu afa motere m'maiko ambiri. Thirakitala ilizidwe ndi munthu amene wakhala pampando.

Cisamaliro ca caka conse

Kamodzi pa mwezi tsegulani boneti, mupotoze mateminolo, mupukute pamwamba pa batire, muone madzi. Fumbi lonyowa pamwamba pa batire limadutsitsa magetsi pang'onopang'ono pakati pa mitu iwiri ndipo limalikhetsa mphamvu usiku ndi usana. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala madzi amaphwa msanga, conco onani kawiri pa mwezi. Thirakitala ikamaima nthawi yaitali pambuyo pa kukolola, masulani teminolo ya − ndipo muzichaja batire mwezi uliwonse. Batire losiyidwa lopanda mphamvu kwa miyezi limaumirira mapuleti ndipo silibwerera mwakale. M'bokosi la zida musasowe masipanala a 10 mm ndi 13 mm, kasandipepa, mateminolo awiri atsopano ndi mawaya a jampa.

Nchito yocita

Ophunzira amene muli pano, khalani awiriawiri. Jambulani njira ya magetsi ya thirakitala imene mumaphunzirira, kucokera pa mutu wa + mpaka kubwerera pa mutu wa −, ndipo mulembe nambala pa malo alionse olumikizira. Yezani mphamvu yotayika pa malo atatu aja, mulembe m'kope, mutsuke mateminolo, kenaka muyezenso n'kuyerekeza. Inu amene munamaliza maphunziro, citani zomwezo pa galimoto kapena thirakitala ya kwanu mvula isanagwe, ndipo muitane woyendetsa wake kuti aone ndi maso ake.

Mafunso

1. N'cifukwa ciyani teminolo yakuda imalola nyali kuyaka koma imalepheretsa sitata?

2. Teminolo ikukaniza 0.02 ohm ndipo sitata ikukoka 200 amps. Ndi volts zingati zimene zikutayika?

3. Multimeter ikuonetsa 12.3 volts pa mitu ya batire pamene mnzanu akukoka sitata, koma injini siikutembenuka. Kodi mugule batire? Fotokozani.

4. N'cifukwa ciyani timayamba kumasula waya wa earth, n'kumaliza naye pobwezera?

5. Chulani zinthu zitatu zimene mungacite pa batire la thirakitala imene iime kucokera mu Juni mpaka mu Okutobala.